Njoka yanu sikuzizidwa, achimwene, ikupsa

Imelo ya sabata ino yachokera ku Nchalo. Bambo wina akusunga ball python, kansato kakang'ono kosaluma wamba komwe kwawo ndi ku Ghana, Togo ndi maiko oyandikana nawo. Anamusiyira mnzake wa kuntchito atasamuka. Akuti anawerenga pa intaneti kuti njokayi imafuna malo otentha, ndiye anagula babu lamphamvu n'kumaliyatsa usana ndi usiku pamwamba pa bokosi lagalasi. Pano njoka ikungoswera m'mbale ya madzi, yakana mbewa kawiri, ndipo pofundula khungu lachoka mapisimapisi, lina lakanirira kumchira. Funso lake ndi lakuti, "Kodi ndiwonjezere babu lachiwiri?"

Ayi, achimwene. Thimitsani kaye lomwe lilipolo, kenako mubwere tikambirane.

Zomwe munawerengazo si bodza, kungoti analemba ndi anthu a ku London ndi ku Chicago, komwe m'nyumba mumakhala madigiri 18 kapena 20 ndipo kunja madzi amauma gwa. Inu muli ku Nchalo mwezi wa Okutobala, pansi pa malata. Kuchigwa kuno, kuyambira Chikwawa, Ngabu mpaka Nsanje, nyengo ino timapitirira madigiri 40 masana. Mbuzi zimadziwa kubisala pansi pa ngolo, agalu amakumba dothi n'kugonamo. Njoka yanu ilibe kothawira. Mwaitsekera m'galasi, mwaiyatsira dzuwa lachiwiri.

Njoka sidzipangira kutentha m'thupi ngati ife, ndipo situluka thukuta. Ikazizidwa imakaothera, ikatenthedwa imalowa kuuna. Ball python kwawo imaswera m'mauna a mbewa ndi m'zulu, n'kutuluka usiku. Choncho m'bokosi imafuna mbali ziwiri, kotentha ndi kozizirira, kuti izisankha yokha. Mbali yotentha ikhale madigiri 31 kapena 32, mbali inayo 25 mpaka 27. Bokosi lonse likapitirira 35 kwa maola angapo njoka imayamba kuvutika, ndipo likayandikira 40 ikhoza kufa tsiku lomwelo. Kuzizira pang'ono imapirira masiku. Kutentha sikupereka mpata wotere.

Ndikunena izi ndi manyazi. Zaka zapitazo ndili ku Bangula ndinasiya bokosi la njoka yanga pa tebulo pafupi ndi windo, n'kupita kumsika. M'mawa panali mthunzi. Pobwera cha m'ma 2 koloko dzuwa linali litatembenuka, galasi likutentha ngati chiwaya. Ndinaipeza itatambalala, kukamwa kuli yasa. Sinadzukenso.

Ndiye ndalama ya babu lachiwiri ija mugulire themometa, makamaka ziwiri, ina mbali iyi ina mbali iyo, pansi pomwe njoka imagona osati pamwamba pa chivundikiro. Mukapeza kachipangizo ka dijito koyeza kutentha ndi chinyezi pamodzi, ndiye bwino kwambiri. Dzanja limanama. Ife obadwira kuno madigiri 33 timati lero kwazizirako.

Bokosilo litsitseni pa shelefu, likhale pansi pa simenti, m'chipinda chomwe dzuwa la masana silimenya khoma. Pansi pamazizira kuposa m'mwamba momwe mpweya wa malata umaunjikana. Chivundikiro chikhale ndi waya wa sefa kapena zibowo zambiri, koma chomangika bwino, poti njoka imakankha ndi mphamvu yoti simungaiganizire. Kumbali yozizirira ikani mphika wadothi wovundikira, mutaubowola pakhomo n'kupala m'mphepete kuti usacheke. Mukauwaza madzi kunja umazizira monga umachitira mtsuko wa agogo. Masiku oipitsitsa aja, pamene ngakhale fani ikungokuuzirani moto, kulungani botolo la madzi oundana m'nsalu n'kuligoneka pamwamba pa sefa kumbali imodzi. Lisakhudze njoka.

Kodi ndiye chotenthetsera sichifunika konse? Chimafunika mu Juni ndi Julaye, makamaka chiperoni chikagwa, usiku kukatsika pansi pa madigiri 20. Apo gwiritsani ntchito kamphasa kamagetsi koika kunsi kwa bokosi, kotenga gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kadutse pa thermostat, kachipangizo kodula magetsi kutentha kukafika pomwe mwaika. Popanda thermostat kamphasako kamawotcha mimba, ndipo njoka ili ndi vuto lakuti imagonabe pamalo pomwe ikupsa osasuntha. Babu lowala usiku wonse ndi nkhanza kwa nyama yoyenda mumdima. Magetsi akathima usiku wozizira, botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo n'kulitsamiritsa kunja kwa bokosi limakwana. Mbaula m'chipinda chotseka ayi, utsi wa makala wosaoneka uja umapha njoka ndi mwini wake yemwe.

Tibwere ku khungu lija. Ball python imafuna chinyezi cha pakati pa 55 ndi 70 peresenti, ndipo ikamafundula chikwererepo. Mu Seputembala ndi Okutobala mpweya wa kuno ndi wouma, milomo yathu yomwe imang'ambika, kenako babu lanu likumaliza kuumitsa kotsalako. Anthu ambiri akamva izi amayamba kuthira madzi bokosi lonse. Musatero. Pansi ponyowa nthawi zonse pamaoletsa mamba a kumimba, mudzaona matuza ndi madontho ofiirira. Tengani kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, bowolani khomo, ikanimo kansalu koyera konyowetsa n'kufinya. Njoka ikaona kuti maso achita mtambo, thupi lachita mbuu, idzalowamo yokha. Pakatha masiku angapo maso amayera, kenako khungu limavuka lonse ngati sokosi.

Lomwe lakanirira kumchiralo musalisiye, limamanga ngati mphira mpaka nsonga ya mchira kuuma n'kuduka. Iikeni m'beseni la madzi osazizira osatentha, ofika theka la thupi lake, kwa mphindi 20 muli pomwepo, kenako idutse m'thaulo lonyowa m'manja mwanu. Ngati kakhungu katsalira pa diso, musakatole ndi chikhadabo kapena chopanira. Kasiyeni, chinyezi chikakhala bwino kamachoka pofundula ulendo wotsatira.

Mvula ikayamba mu Disembala zinthu zimatembenuka. Kufupi ndi Shire ndi dambo la Elephant Marsh mpweya umalemera, zovala siziuma, nsapato zimachita nkhungu. Nthawi imeneyo lekani kuwaza madzi, tsegulani mpweya, sinthani zoyala zikangonyowa. Nyuzipepala zakale zimagwira ntchito bwino ndipo zimaonetsa msanga pomwe pada. Utuchi wa paini kapena wa mkungudza wochokera kwa akalipentala musauike, mafuta ake amapweteka mapapo a njoka. Mukamva ikulira ngati kamluzu popuma, kapena mukaona thovu kukamwa, imeneyo ndi nkhani ya dokotala wa ziweto.

Pali china chomwe a ku London sangakuuzeni chifukwa sagona ndi udzudzu wathu. Doom ndi makoyilo ofukiza aja ndi poizoni kwa njoka. Musapopere m'chipinda chomwe muli bokosi, ndipo a zaumoyo akabwera kudzapopera makoma, litulutseni kaye.

Za kuswera m'madzi zija, ndikukhulupirira kuti ndi kutentha. Komabe yang'anani pansi pa mbaleyo. Mukaona timadontho takuda ngati tsabola wopera, ndi tinthata tomwe timayamwa magazi pansi pa mamba, ndipo mundilemberenso. Mbewa musaipatse mpaka themometa itaonetsa manambala abwino kwa sabata yathunthu, chifukwa njoka yotenthedwa ikadya imasanza. Ball python yaikulu yathanzi imatha milungu ingapo osadya popanda vuto.

Simunanene ngati mnzanu uja anakusiyirani mapepala. Kusunga nyama zakutchire m'Malawi muno kumafuna chilolezo cha a nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo kumalo osungirako nyama a Lengwe si kutali ndi kwanuko, kafunseni. Aneba nawonso auzeni nokha asanamvere kwa ana. Mukudziwa zomwe anthu amanena za munthu woweta njoka m'nyumba.