Kuseweranso, kubwereza, kapena "kusewera futi"?

Aphunzitsi,

Ndine mnyamata wa ku Navutika kuno ku Chipata. Chaka chatha ndinamaliza gemu ya Skyrim pa kompyuta ya achimwene anga, ndipo mwezi uno ndaiyambanso. Poyamba ndinali msilikali wa lupanga ndi chishango, koma ulendo uno ndasankha kukhala mbala yoponya mivi. Nditauza mnzanga kuti "ndikubwereza Skyrim" anandiseka, akuti kubwereza n'kwa munthu amene wagwa mayeso a Giredi 7. Iye amati "nisewera futi". Achimwene amangoti "kuripuleya". Cholondola n'chiti? Nanga magemu otere, amene Azungu amati RPG (role-playing game, poti wosewera amakhala munthu wa m'nkhaniyo), tingawatchule bwanji m'chinenero chathu?

Mphwanga,

Mnzakoyo pokuseka walasa, koma pa mawu akeake waphonya pang'ono. Tifikako.

Tiyambe ndi achimwene ako, poti mlandu wawo ndi waufupi. "Kuripuleya" ndakana. Usandiyese wodana ndi mawu obwereka: sukulu, buku, kompyuta, ngakhale gemu yemweyu, onsewa ndinawalandira kalekale, chifukwa munthu amabwereka chimene alibe. Koma wopita kwa mnansi kukabwereka khasu ali ndi makasu atatu kuseri kwa nkhokwe, ameneyo vuto lake si umphawi. Mawu a chinthu chimene ukuchitachi tili nawo, ndipo alipo angapo.

Tsono "kubwereza". Mawuwa ndimawakonda, ndipo undilole ndikhalepo pang'ono. Tsinde lake ndi kubwera. Ana a lero akamva "bwera" amangomva kuti "fika kuno", koma agogo anga aakazi ku Chadiza sankatero. Mlendo akafika pakhomo ankati "wadza". "Wabwera" ankanenera munthu wapakhomo pomwepo amene anachoka, kaya kumunda, kaya ku Harare kuntchito, ndipo tsopano wafikanso kwawo. Miyambi ndiyo mboni yanga, chifukwa mwambi susintha zovala msanga: timati chakudza sichiyimba ng'oma, timatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Palibe amati "chakubwera sichiyimba ng'oma". Funsa Mbemba aliyense pa siteshoni ya mabasi, adzakuuza kuti kwawo ukubwela ndiko kubwerera kumene unachokera, ndipo Atumbuka a ku Lundazi akati kuwera amanena zomwezo. Ndiye ona banja lonselo: kubwerera, kubweza, kubwezera, kubwereza. Ine ndimaikamo ndi kubwereka komwe, chifukwa chobwereka ndi chinthu chimene chiyenera kubwerera kwa mwini wake, ngakhale anansi anga ena phunziro limeneli linawadutsa.

Choncho kubwereza ndi kuchibweretsa chinthu monga momwe chinalili, osachotsapo, osaonjezapo. Mwana wobwereza kalasi amapeza mabuku omwewo ndi masamu omwewo. Mphunzitsi akati "bwerezani pambuyo panga" safuna nzeru zako, afuna mawu ake abwerere kwa iye. Ichi n'chifukwa chake mnzako waseka: khutu lake lamva fungo la kulephera, ndipo khutu lakelo ndi labwino.

Koma usawataye mawuwa, ali ndi malo ake m'magemu anuwa. Ndinakhalapo kumbuyo kwa mdzukulu wanga Loweruka lina masana onse, iye akulimbana ndi chinjoka chimodzi. Chimupha, ayambira pamene anasungira gemuyo. Chimuphanso, ayambira pomwepo. Nditawerenga kufika ka 11 ndinapita kukamwa tiyi. Uko ndiko kubwereza, ndipo kukafika pamenepo timati kubwerezabwereza. Chimodzimodzi mukamazungulira m'nkhalango imodzi kupha mimbulu yomweyomweyo kuti munthu wanu akwere mphamvu: palibe chatsopano, mukungopera chimera. Akuluakulu amati m'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri, koma opanga magemu anakonza dala kuti muzipitamo mpaka njovuyo itatopa.

Chimene ukuchita iwe n'china. Skyrim inatuluka mu Novembala 2011, ndipo aliyense amene anaigwirapo amadziwa kuti imayamba mofanana nthawi zonse: uli womangidwa manja pangolo, akukutengera ku Helgen kukakudula mutu, kenaka chinjoka chisokoneza mwambo. Mpaka apo, inde, n'zobwereza. Koma ukangotuluka m'phanga limene umathawiramo, njira ndi yako. Ungalowe gulu la mfumu yaikulu kapena la oukira aja a Stormcloak, ungakhale wamatsenga, ungakhale mbala ngati mmene wasankhiramu, ungathenso kusiya nkhondo yonse n'kumangotola maluwa m'mapiri. Munthu amene wadutsa pachipata chomwecho koma n'kulowera njira ina sanabwereze ulendo. Wayendanso. Ndiye iwe unene kuti ndikuseweranso, kapena, ngati ukufuna kutsindika kuti wabwerera kungolo kuja, ndayambiranso.

Kachidutswa aka ka -nso n'kakang'ono koma kali ndi minga, ndipo apa ndi pamene ambiri amalasidwa. Kamasenza katundu muwiri. Ukati "ndaseweranso Skyrim", wina amva kuti waisewera kachiwiri. Wina amva kuti pa magemu amene wasewera, Skyrim ilinso pomwepo. Onse awiri amva bwino. Polankhula sipakhala vuto, chifukwa nkhani imene ili pakamwa imalongosola yokha. Polemba, ngati ukuona kuti pasokonekera, onjeza "kachiwiri" kapena "kachitatu", basi. Ndipo ukakana, -nso amatembenuka: "sindiseweranso" ndiye kuti ndasiya, zatha, musandiitane. Mawu amenewo ndinawamva kwa mdzukulu wanga uja chinjoka chitamupha ka 12. M'mawa mwake ndinamupeza ali pomwepo.

Pali chizolowezi china chimene chimandiyabwa, ndipo poti ndapeza mpata ndinene. Tsegula wailesi, kapena khala pamsonkhano uliwonse wa makolo kusukulu, umva wina akuti "ndibwerezenso kachiwiri". Wanena chinthu chimodzi katatu! Kubwereza ndi kachiwiri kale. Ukaika -nso wafika kachitatu. Ukaonjeza "kachiwiri" pamwamba pake, ine wowerenga masamu ndasokera. Ndinkadula mamalikisi pa zimenezi zaka zonse ndili m'kalasi, ndipo sindinapambane. Ana omwe ndinkawadulawo ndiwo akulankhula pa wailesi lero.

Tibwere kwa mnzako ndi "futi" wake. Mawuwa si Chichewa chobadwa nacho, ngakhale amveka paliponse kuyambira pamsika wa Kapata mpaka ku Lusaka. M'Chizulu muli futhi, ndipo tanthauzo lake ndi lomweli la -nso, mbali zonse ziwiri. Ena amati anabwera ndi makolo athu amene ankakagwira ntchito kumigodi, m'chilapalapa chimene ankalankhula ndi akapitawo. Ine ndimati anawoloka Zambezi ndi Angoni a Zwangendaba mu 1835, ndipo anakhazikika kuno pamodzi ndi Mpezeni. Chilankhulo cha Angoni chinasungunuka, chinatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'zitamando zimene timamva ku Mtenguleni pa Nc'wala mwezi wa Febuluwale, koma timawu tating'ono totere sitifa msanga, timabisala m'kamwa mwa ana. Ansenga nawo ali ndi soti wawo, Atumbuka ali ndi -so. Choncho "futi" sindimuthamangitsa. Wakhala nafe nthawi yaitali kuposa njinga zonyamula anthu. Pabwalo, pamsika, pa WhatsApp, nenani. Koma polemba kalata kapena mayeso, -nso ndiye mwini mudzi. Chimene sindingapirire ndi "niseweranso futi", ndipo ndachimva ndi makutu anga.

Funso lako lachiwiri ndilo landikondweretsa kwambiri. Magemu a RPG sanayambire pa kompyuta. Mu 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, sewero la patebulo: mapepala, pensulo, madayisi, ndi munthu mmodzi wofotokoza nkhani pamene anzake aliyense watenga munthu wake, wina msilikali, wina mfiti, wina wansembe. Makompyuta anangolowa m'malo mwa wofotokozayo. Nditamva zimenezi koyamba ndinaseka, chifukwa ife tinkachita zomwezo popanda dayisi. Akakolola chimanga, tinkamanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi. Wina ankakhala bambo, wina mayi, wina mfumu yoweruza milandu, ndipo amene wachedwa kufika ankakhala fisi wobwera usiku kudzaba ndiwo. Masanje. Chaka china ndinali mfumu, chaka chotsatira ndinali fisi, pamunda womwewo ndi anzanga omwewo, ndipo palibe ananenapo kuti tikubwereza masanje. Tinkapitanso kumasanje.

Ndiye ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalamula kuti RPG ikhale gemu yamasanje. Ndikudziwa kuti anyamata a ndevu zawo sangalole kuuza anzawo kuti usiku wonse anali pamasanje ndi zinjoka. Chabwino. Aphunzitsi a Chichewa kutsidya kwa Mwami, pophunzitsa nthano ndi zisudzo, munthu wa m'nkhani amamutcha mtengambali, ena mpangankhani. Mawu oyambawo akukwana ndendende: mbala yako yoponya miviyo ndi mtengambali wako, ndipo gemuyo ndi gemu yotenga mbali. Ndi lalitali, koma limveka kwa agogo ako osafunsa kawiri, chimene zilembo zitatu za RPG sizingachite.

Mnyamata wina anandiuzapo kuti bwanji tisatengere ku Gule Wamkulu, poti kumenekonso munthu amavala nkhope ina. Ndinamuletsa, ndipo nawenso ndikuletsa. Gule si sewero. UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, koma ngakhale pasanafike zimenezo, amene anapitako ku Mkaika pa Kulamba amadziwa kuti chotuluka kudambwe sitichitchula kuti munthu wovala. Mawu a kumeneko asiye kumeneko.

Patsala kanthu kamodzi kamene sunafunse, koma ukakumana nako. Magemu ena ukawamaliza amakupatsa mwayi woyambiranso uli ndi mphamvu ndi zida zonse zimene unasonkhanitsa. Dzina lake loti New Game Plus linatchuka ndi Chrono Trigger, gemu ya ku Japan ya 1995, imene ili ndi mathero oposa 10 malinga ndi nthawi imene wasankha kukamenyana ndi mdani wamkulu. Mlimi aliyense wa ku Katete angakupatse mawu ake. Kuyamba wopanda kanthu, monga wachitira iwe pangolo ya ku Helgen, ndi kuswa mphanje: zitsa, mizu, matuza m'manja. Kuyambiranso ndi katundu wako ndi kulima munda wakale, mizere ilipo kale, mbewu ili m'nkhokwe. Ndikamva mwana akuti "ndamaliza, tsopano ndikuswanso mphanje", ndidzamugulira fanta.

Pali gemu imodzi imene inandivutitsa pa lamulo langali, ndipo ndisabise. Final Fantasy VII, ya 1997, ija inkabwera pa madisiki atatu a PlayStation. Nkhani yake ndi njanji, siipatuka. Kumapeto kwa disiki yoyamba mtsikana wogulitsa maluwa, Aerith, amaphedwa, ndipo palibe chimene wosewera angachite. Mdzukulu wanga wamkazi anaipeza zaka zambiri pambuyo pake, ndipo atafika pamenepo anakana nsima. Patapita miyezi anaiyambiranso, akuti mwina akachita zina mtsikanayo apulumuka. Sanapulumuke. Anayambiranso kachitatu, tsopano akudziwa bwino lomwe, ndipo anandiuza kuti ulendo umenewo mawu aliwonse a mtsikanayo ankamveka mwina, ngati a munthu amene akutsazika. Kodi pamenepo anabwereza kapena anaseweranso? Ndinalingalira masiku angapo. Ndinagamula kuti gemuyo ndiyo inabwereza, koma mwanayo anaseweranso. Nthano za Kalulu tinkazimva chaka ndi chaka pamoto, tikudziwa kale kuti Fisi apusitsidwa, koma tinkayankhabe "tili tonse" ndi mtima wonse, ndipo agogo akati abwereze ndendende monga dzulo tinkadandaula kuti afupikitsa kapena aiwala nyimbo.

Ndiye kauze mnzako kuti pa "kubwereza" wapambana, pa "futi" ndamukhululukira. Achimwene ako uwauze mwaulemu, poti kompyuta ndi yawo. Ndipo mbala yakoyo uziisunga pafupipafupi. Ndati kusunga, osati "kuseva". Mdzukulu wanga uja chinjoka chija anachipha ulendo wa 15, anaimirira kuvina, magetsi n'kuthima asanasunge.