Ndikuphunzitsa ku Japan koma ndilibe wocheza naye

FUNSO: Mayi, ndine mtsikana wa zaka 27. Ndatha miyezi isanu ndikuphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina m'tauni yaing'ono ku Japan. Ana amandikonda, koma aphunzitsi anzanga amangondipatsa moni n'kubwerera pa ntchito zawo. Palibe amene anandiitanapo kunyumba kwake. Madzulo ndimangokhala ndekha, foni ili m'manja. Kodi anthuwa sakundifuna? Ndilongedze katundu? Ndine Wosungulumwa.

YANKHO: Mwana wanga, katunduyo musiye kaye. Inenso ndinaphunzitsako ku Japan zaka zitatu, ndipo miyezi yoyambirira misozi sinkachoka m'maso, makamaka mu Disembala pamene dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko.

Za kusaitanidwa kunyumbazo zisakuwawe. Anthu kumeneko sakonda kulandirira alendo m'nyumba, ngakhale anzawo enieni amakumana nawo kunja. Komanso aphunzitsiwo amaweruka usiku, atayang'anira masewera ndi magulu a ana, ndipo amafika kwawo ali wefuwefu. Pali china. Dzikolo lakhala likubweretsa aphunzitsi akunja kudzera mu pulogalamu ya boma yotchedwa JET Programme kuyambira 1987, choncho anzakowo anaona ambiri akubwera n'kuchoka patangotha chaka chimodzi kapena ziwiri. Ena amayamba aona kaye ngati ukhalitse.

Ine mnzanga woyamba ndinamupeza ndi kansalu kokolopera. Ukudziwa kuti ana ndi aphunzitsi amayeretsa okha sukulu. Poyamba nthawi imeneyo ndinkangokhala padesiki, poti palibe anandiuza chochita. Tsiku lina ndinadzuka, n'kugwada pakhonde pambali pa mayi wina wachikulire wophunzitsa sayansi. Sitinayankhulane. Mawa lake ndinabwereranso pomwepo, mkuja chimodzimodzi. Patapita milungu itatu anandigwira dzanja n'kundionetsa kafinyidwe koyenera ka kansaluko, uku akuseka. M'mawa wotsatira ndinapeza nachesi padesiki yanga, palibe ndi kakalata komwe. Mayi ameneyo ndiye anadzanditengera kuchipatala pa galimoto yake nditadwala, ndipo mpaka lero timalemberana.

Iwenso sankha malo amodzi oti anthu azikupezapo nthawi zonse. Ukhoza kulowa gulu la masewera la ana, kapena makalasi a Chijapani amene anthu odzipereka amaphunzitsa m'matauni ambiri. Ukafunse ku ofesi ya khonsolo. Phwando lotsazika chaka, limene amati bonenkai, usalijombe ngakhale usamamwe mowa. Aphunzitsi amene amakhala duu m'ofesi amakamasuka kumeneko, ena mpaka kuyesa Chingerezi chimene anali kubisa.

Aphunzitsi akunja anzako uzicheza nawo ndithu, chifukwa amamva msanga zimene zikukusowetsa mtendere. Koma ndinaona ndekha kuti mukamangokumana Loweruka lililonse kudandaula za eni dziko, Lolemba umapita kusukulu mtima utalemera kuposa kale.

Ukonzekerenso Epulo. Chaka cha sukulu chimayamba mwezi umenewo, ndipo aphunzitsi a sukulu za boma amasamutsidwa. Amene wayamba kuzolowerana naye akhoza kupita kwina, choncho mupatsane manambala Malichi asanathe.

Ngati tulo tayamba kusowa kapena chakudya sichikulowa, usadikire zonsezi, kaonane ndi dokotala. Undilemberenso chaka chatsopano cha sukulu chikayamba, ndimve kuti wagwada pambali pa ndani.