Kodi maphunziro a tsiku limodzi pachaka angateteze ofesi kwa akuba a pa intaneti?

Mayi wina amene amayang'anira ofesi ya sukulu watilembera imelo. Akuti ali ndi antchito pafupifupi 30, alibe katswiri wa makompyuta, ndipo mafunso awo ndi awiri. Kodi n'kokwanira kuitana munthu kudzaphunzitsa antchito tsiku limodzi pachaka? Nanga wantchito amene wadina linki yachinyengo azilangidwa?

Mayi, tsiku limodzi silokwanira. Zimene munthu wamva mu Januwale, pofika Epulo zimakhala zitauluka. M'malo mwake, gawani maphunzirowo: mphindi 15 mwezi uliwonse, nkhani imodzi basi, aliyense ali ndi foni kapena kompyuta n'kumayeserera. Wobwera kumene aphunzire sabata yoyamba, asanapatsidwe akaunti.

Yambani ndi phishing, mauthenga onamizira kuti achokera kubanki, kwa bwana kapena kukampani yodziwika. Ikani uthenga wotere pasikirini n'kuufufuza limodzi. Dzina looneka pamwamba aliyense angathe kulilemba, choncho aziona adiresi yonse ya wotumiza. Linki asaidine msanga. Pakompyuta aloze ndi mausi osadina, pafoni aigwire ndi chala kwa kamphindi, adiresi yeniyeni ioneka. Mukadutsa "https://", mwini wake wa adiresiyo ndi dzina lomalizira pamodzi ndi mathero ake monga ".com", lisanafike kamzere koyamba ka "/". Mawu oti Microsoft akhoza kukhala koyambirira, koma ngati dzina lomalizira ndi lachilendo, tsambalo si la Microsoft. Aonetseninso mmene "rn" amafananira ndi "m" pa kasikirini ka foni. Malangizo akale oti uthenga wachinyengo umadziwika ndi masipelo olakwika anatha ntchito, chifukwa mapulogalamu a AI amalemba bwinobwino. Kachizindikiro ka loko nakonso sikatsimikizira chilichonse, masamba a akuba nawo amakhala nako. Chimene sichisintha ndi kufulumizitsa munthu: lipirani lero, akaunti itsekedwa, musauze aliyense.

Ogwira ntchito za ndalama akufunika phunziro lawolawo, ndipo lamulo lake lilembedwe. Aliyense akatumiza uthenga woti wasintha nambala ya akaunti yakubanki, muimbireni pa nambala imene muli nayo kale m'mafayilo, osati yomwe ili mu uthengawo. Ndalama zambiri zisatuluke popanda anthu awiri kuvomereza, ngakhale wopemphayo akhale mphunzitsi wamkulu. Musaganize kuti zimenezi zimagwera osadziwa okha. Pakati pa 2013 ndi 2015, Facebook ndi Google anapereka ndalama zoposa madola 100 miliyoni kwa munthu wa ku Lithuania amene ankawatumizira mainvoisi abodza m'dzina la kampani ya ku Taiwan yomwe ankagulako zipangizo. Mu Julaye 2020, akuba anaimbira foni antchito a Twitter, n'kuwapusitsa mpaka analanda maakaunti a anthu monga Barack Obama ndi Bill Gates.

Za mapasiwedi n'zachidule. Ikhale yaitali, ya mawu anayi kapena asanu osagwirizana, ndipo akaunti iliyonse ikhale ndi yakeyake, yosungidwa mu password manager, pulogalamu yosunga mapasiwedi motetezeka. Lekani kukakamiza anthu kusintha pasiwedi mwezi uliwonse. Bungwe la boma la America loona za miyezo ndi luso lamakono, la NIST, linasiya kulimbikitsa zimenezi mu 2017, poti anthu amangowonjezera 1, kenako 2, kumapeto kwa yakale ija. Yatsani njira yotsimikizira kawiri, imene imafuna nambala yachinsinsi kuwonjezera pa pasiwedi, makamaka pa imelo. Pulogalamu ya pafoni yotulutsa manambala ndi yabwino kuposa SMS, chifukwa wakuba angathe kusamutsira nambala yanu pa simu khadi yake. Nambala yachinsinsi imene yabwera pafoni siuzidwa munthu, ngakhale anene kuti ndi wa kubanki.

Tsono za chilango. Musalange. Munthu akamaopa, amabisa, ndipo maola amene wakhala chete ndi amene wakuba amawerenga maimelo, kutumiza ena m'dzina lake ndi kufalitsa pulogalamu yoipa m'makompyuta ena. Aliyense adziwe dzina ndi nambala ya munthu mmodzi womuuza, komanso zochita pompopompo: zimitsani Wi-Fi kapena zulani chingwe cha intaneti, koma kompyutayo musaizimitse kuti umboni usafufutike. Sinthani pasiwedi pa chipangizo china, tulutsani akauntiyo pa zipangizo zonse, ndipo onani ngati mu imelo mwaikidwa lamulo lotumiza makalata ku adiresi yachilendo. Apa m'pamene ambiri amaiwala, wakuba n'kumawerengabe zonse pasiwedi itasinthidwa kale. Ngati ndalama zatuluka, imbirani banki nthawi yomweyo.

Mukafuna kuyesa antchito ndi mauthenga onamizira, chitani kamodzi pa miyezi itatu. Muziwerenga kwambiri amene anena msanga kusiyana ndi amene adina. Mayina asapachikidwe pabolodi, ndipo musawanyengerere ndi nkhani ya kukwezedwa malipiro, zimangobweretsa chidani.

Pali zina zimene si za antchito, ndi zanu ngati oyang'anira. Wina adzadinabe linki yachinyengo tsiku lina. Pulogalamu yoipa ya WannaCry, imene inasokoneza zipatala za boma (NHS) ku Britain mu Meyi 2017, inalowera pa vuto la Windows lomwe Microsoft anali atalikonza kale mu Marichi, kungoti makompyuta ambiri sanachitidwe update. Yatsani ma update odzichitikira okha. Mafayilo ofunika, monga mbiri za ana ndi za malipiro, akhale m'makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi kunja kwa ofesi komanso losalumikizidwa ku kompyuta, ndipo muziyesa kuwabwezeretsa temu iliyonse. Wantchito akasiya ntchito, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo.