Kodi Big Dipper ija imaoneka kwathu kuno?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe. Akuti mchemwali wawo amene amakhala ku Leeds, ku Britain, amawauza kuti kumeneko kuli nyenyezi 7 zooneka ngati chikho chotungira madzi, amazitcha Plough, ku America amati Big Dipper, ndipo amaziona chaka chonse. Iwo anayesa kuzifuna mu Novembala masiku angapo osaziona. Ndiye funso lawo ndi loti, kodi ku Malawi zimaoneka kapena angozisiya?

Achimwene musazisiye, zimaoneka ndithu. Kungoti munazifuna nthawi yolakwika. Ku Britain nyenyezizi sizilowa, zimangozungulira kumpoto usiku onse, nchifukwa chake achemwali anuwo akunena zoona. Koma ife tili kumwera kwa equator, Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14, ndiye kwa ife zimangosuzumira pang'ono kumpoto kenako nkubwerera pansi. Mu Novembala madzulo zimakhala zili kunsi kwa dziko, olo mutakwera phiri simungazione.

Nthawi yake ndi Epulo mpaka Juni. Kumayambiriro kwa Meyi tulukani cha m'ma 9 koloko usiku, kumayambiriro kwa Juni cha m'ma 7 koloko. Mwayi wake ndi woti imeneyi ndi nthawi yoti mvula yatha, kumwamba kwayera, utsi wa lupsa sunayambe. Ingovalani juzi chifukwa kumazizira, ndipo sankhani usiku opanda mwezi.

Njira imene ine ndimaphunzitsira ana kunyumba ndi iyi. Yambani mwayang'ana kumwera, mupeze kamtanda ka nyenyezi zinayi kotchedwa Southern Cross. Mukaona kuti kaima chilili osapendekeka, tembenukani msana wanu uloze komweko, nkhope kumpoto. Nthawi imeneyo Big Dipper imakhala yafika pamwamba penipeni pamene ingafike. Koma "pamwamba" pakepo mpotsika, musayang'ane kumutu ayi. Tambasulani mkono mukunge chibakera, chibakera chimodzi ndi madigiri 10 pafupifupi, ndiye kuchokera pamene thambo lakumana ndi nthaka werengani chibakera chimodzi ndi theka mpaka ziwiri ndi theka. Ndiye mukuona kuti mtengo wa mango umodzi kapena mpanda wa aneba ukhoza kukubisirani zonse, pitani pa bwalo la mpira kapena kudambo, kutali ndi mababu.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi choti pazithunzi za pa intaneti chikhocho chimakhala chakhala bwinobwino ngati chili ndi madzi, pomwe kuno timachiona chovundikira, kukamwa kuloza pansi, ngati momwe amayi amavundikirira chikho pathandala akatsuka. Nyenyezi zinayi zopanga chikhocho zili kumanzere, zitatu za chigwiriro chopindika zapita kumanja. Ndipo ndi chachikulu, kutalika kwake zibakera ziwiri ndi theka. Ambiri amafuna kanthu kakang'ono nkumaloza Nsangwe, ayi Nsangwe ndi kagulu kothithikana kaja kamaoneka madzulo a Disembala, nzosiyana.

Maina ake ndi achiarabu: Dubhe, Merak, Phecda, Megrez, Alioth, Mizar ndi Alkaid. Megrez, pomwe chigwiriro chalumikizana ndi chikho, ndi yofooka kuposa zonse ndipo kukakhala fumbi mukhoza kungowerenga 6, musadabwe. Dubhe ndi imene ili pansi kwambiri. Koma imene ine ndimaikonda ndi Mizar, yapakati pa chigwiriro. Muiyang'anitsitse maso atazolowera mdima, pambali pake pali kanyenyezi kena kakang'ono, Alcor. Tsiku limene mwana wanga wamkazi anakaona koyamba anakuwa "adadi zilipo ziwiri!" ine ndinali ndisanamuuze nkomwe, ndipo mpaka pano ndikakumbukira ndimasangalala.

Mukachipeza tsatirani kupindika kwa chigwirirocho kukwera mmwamba, mukafika pa nyenyezi yowala kwambiri yofiirira, imeneyo ndi Arcturus. Mukhozanso kuyambira pa iyoyo nkutsika nayo.

Za Polaris, nyenyezi ya kumpoto ija, achemwali anu akuuzani kuti mzere wochoka pa Merak kudutsa pa Dubhe umakafika pa iyo. Nzoona, koma kwa ife mzerewo umalowa munthaka, Polaris sioneka paliponse m'Malawi muno. Komabe pomwe mzerewo wagunda pansi ndiye pafupi ndi kumpoto kwenikweni, ndiye ntchito yake ikugwirabe. A ku Karonga ndi Mzuzu muli ndi mwayi, kwanuko chikhochi chimakwera pang'ono kuposa ku Blantyre, pomwe abale athu a ku Johannesburg Dubhe imangokhudza pansi penipeni, kuiona nkovuta.

Ngati muli ndi foni ya Android ikanimo pulogalamu yoonetsa nyenyezi yotchedwa Stellarium, muike deti ya mu Meyi muone momwe zidzakhalire. Koma mukatuluka panja foniyo isiyeni mthumba kwa mphindi 15 kaye maso azolowere. Mukadzachiona mundilembere achimwene, mundiuze ngati Alcor munamuona.