Ndani ali ndi mphamvu yolengeza nkhondo m'Chisilamu?

Mwalimu wina wa madrasa watilembera imelo yotere: "Mwana wa mchemwali wanga sakuchoka pafoni, akungoonera mavidiyo a anyamata a ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Akuti iwo anasankha amir wawo n'kumulonjeza kumumvera, ndiye nkhondo yawo ndi jihad. Ndimuyankhe bwanji?"

A Mwalimu, poyambira penipeni ndi pa mawu akuti amir, kutanthauza mtsogoleri. Mnyamatayo wamva zoona kuti m'Chisilamu nkhondo siyenda popanda mtsogoleri, koma sanafunse kuti mtsogoleriyo ndi uti. Hadith (mawu a Mtumiki Muhammad) ya m'mabuku a Bukhari ndi Muslim imati imam ndi chishango, anthu amamenya nkhondo ali kumbuyo kwake. Imam wotchulidwa apa ndi wolamulira dziko, amene ali ndi mabwalo a milandu, amasunga chuma cha anthu, ndipo akasaina pangano onse limawamanga. Ibn Qudamah, katswiri wa malamulo a Chisilamu, analemba mu Al-Mughni kuti nkhani ya jihad ili m'manja mwa imam ndi kulingalira kwake. Anyamata makumi atatu akakumana kutchire n'kugwirana chanza, ameneyo ndi mkulu wa gulu lawo basi. Ummah, mtundu wonse wa Asilamu, sunamusankhe, ndipo alibe ulamuliro pa magazi a munthu aliyense.

Mufotokozereni za ku Makkah. Zaka 13 Asilamu akuzunzidwa, Bilal ataikidwa chimwala pachifuwa padzuwa, Sumayyah ataphedwa ndi mkondo, Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, sanalole aliyense kusolola lupanga. Chilolezo cha mu Surah Al-Hajj 22:39 chinagwira ntchito atasamukira ku Madinah m'chaka cha 622, pomwe panali boma, ndipo ndimeyo imatchula anthu amene aputidwa ndi kuponderezedwa. Surah Al-Baqarah 2:190 imawonjezera kuti menyanani ndi amene akukumenyani, koma musapyole malire.

Malirewo ndi odziwika bwino. Abu Bakr, wolamulira Asilamu woyamba pambuyo pa Mtumiki, potumiza Yazid ibn Abi Sufyan ndi asilikali ku Sham (chigawo cha Syria) anamuperekeza wapansi akumulangiza, monga Imam Malik analembera mu Al-Muwatta: usaphe mkazi, mwana kapena nkhalamba; usadule mtengo wobala zipatso; usagwetse malo okhalamo anthu; usazinge nkhosa kapena ngamira pokhapokha ikhale ya ndiwo; usatenthe njuchi; usabe pa zolanda za kunkhondo; anthu odzipatula m'nyumba zawo zopembedzera uwasiye. Ngati ngakhale njuchi zili ndi chitetezo, nanga msodzi wa ku Mocímboa da Praia, komwe ziwembu za anyamata a ku Cabo Delgadowa zinayambira mu Okutobala 2017? Midzi ya m'mphepete mwa nyanja kumeneko ndi ya Asilamu ambiri, ndipo ndi omwewo atenthedwera nyumba n'kuthawa wapansi, ana kumsana.

Mwina adzakuyankhani kuti ophedwawo si Asilamu enieni. Matenda amenewa ndi akale. Usamah ibn Zayd anabaya munthu amene anali atangonena kuti La ilaha illallah, poganiza kuti wanena chifukwa choopa imfa. Mtumiki anamufunsa ngati anang'amba mtima wa munthuyo kuti aone zam'kati, ndipo anabwereza kumudzudzula mpaka Usamah analakalaka akanalowa Chisilamu tsiku lomwelo. Pambuyo pake kunabwera ma Khawarij, anthu opemphera usiku wonse, osalekana ndi Qur'an, amene anayamba kutcha Asilamu anzawo makafiri, kutanthauza osakhulupirira. Anapha Abdullah ibn Khabbab, mwana wa swahaba (mnzake wa Mtumiki), pamodzi ndi mayi woyembekezera wa m'nyumba mwake. Ali ibn Abi Talib, wolamulira Asilamu wachinayi, anawagonjetsa ku Nahrawan mu 658, ndipo mmodzi wa iwo, Ibn Muljam, anapha Aliyo ku Kufa mu 661. Njira yake imakhala yomweyi nthawi zonse: gulu lidzipatula, lidziikira mtsogoleri, aliyense wokana kulowamo atchedwa kafiri, kenako magazi ake aloledwa.

Pali mbali ina imene mavidiyowo saitchula konse, ya mapangano. Hudhayfah ibn al-Yaman ndi bambo ake anagwidwa ndi Akuraishi, adani a Asilamu a ku Makkah, ali paulendo wa ku Madinah, n'kuwamasula atalonjeza kuti sakamenya nawo nkhondo. Itafika nkhondo ya Badr, Asilamu ali ochepera 320, Mtumiki anawabweza awiriwa kuti akasunge lonjezo lawo. Msilamu amene ndi nzika ya Malawi kapena Mozambique, wokhala mwamtendere ndi anansi a mipingo ina, nayenso ali m'pangano la chitetezo ndi iwo, ndipo ulama, akatswiri a chipembedzo, amati kuliswa ndi chinyengo.

Musamubisire mnyamatayo kuti kumvera wolamulira kuli ndi polekezera. Akalamula tchimo samveredwa, ndipo kunena chilungamo pamaso pa mfumu yankhanza Mtumiki anakutcha jihad yopambana. Munthu akakulowerani m'nyumba ndi chikwanje mudziteteze, simudikira chilolezo cha wina. Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi kuwoloka malire kukapha anthu amene sanakuputeni.

Pokamba naye, foni musamulande, apo ayi adzangobisala nayo. Khalani naye awiri mukatha swala ya usiku ya Isha, muonere limodzi vidiyo imodzi, n'kumufunsa kuti amir ameneyu anamusankha ndani, akuweruza milandu ya anthu ati, ndipo amene agona pansi apowo anaputa ndani. Akatchula ndime (ayah), tsegulani Qur'an muwerenge pamodzi ndi ndime ziwiri zam'mbuyo ndi ziwiri zakutsogolo. Mukaona kuti wina wayamba kumulonjeza ntchito kapena ndalama za ulendo, auzeni makolo ake ndi shehe wa pamzikiti wanu tsiku lomwelo.