Nkhodolero yasowa pa dzina lanu mu pasipoti? Musalipire munthu

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera ali ndi nkhawa. Dzina la bambo awo lili ndi ng', monga Ng'oma, koma m'munsi mwa tsamba la chithunzi mu pasipoti yawo yatsopano lalembedwa NGOMA, kenako tizizindikiro tambirimbiri ta <<<. Wina wawauza kuti pasipotiyo ndi yolakwika, akabwezedwa pa chipata cha Mwanza, ndipo iye akhoza kuwathandiza kukonzetsa atampatsa kangachepe.

Mayi, ndalama zanuzo musapereke. Zimandiwawa kuti anthu akudyeredwa pa chinthu chomwe chinalembedwa poyera kalekale.

Mizere iwiri ya m'munsiyo si yoti muwerenge inu, ndi ya makina. Imatchedwa MRZ, ndipo kalembedwe kake sikachokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kamachokera ku bungwe loona za maulendo a pandege la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal, m'chikalata chotchedwa Doc 9303. Maiko anagwirizana kuti pofika pa 24 November 2015 mapasipoti olembedwa pamanja akhale atasiya kugwira ntchito. M'mizeremo mumaloledwa zinthu zitatu zokha: malembo aakulu A mpaka Z, manambala 0 mpaka 9, ndi kachizindikiro ka <. Nkhodolero mulibe malo ake, choncho imangochotsedwa, malembo n'kuphatikizana. Ŵ amasanduka W wamba. Dzina lokhala ndi kamzere pakati, kamzereko kamalowedwa m'malo ndi <.

Mu pasipoti mzere uliwonse uli ndi malo 44, osapitirira, osachepera. Woyamba umayamba ndi P, ndiye kuti pasipoti, kenako malo amodzi osonyeza mtundu wake, kenako MWI, chizindikiro cha Malawi. Malo 39 otsalawo ndi a dzina: la bambo poyamba, << kulekanitsa, kenako maina anu olekanitsidwa ndi < mmodzi. Pakatsala mpata amadzaza ndi <<<. Amene ali ndi maina ataliatali, mbali ina ya mainawo imadulidwa, ndipo nakonso si kulakwitsa.

Mzere wachiwiri ndi umene anthu sauyang'ana, pomwe ndi umene umagwetsa anthu m'mavuto. Muli nambala ya pasipoti m'malo 9, dziko lanu, tsiku lobadwa, F kapena M, ndi tsiku lothera ntchito pasipotiyo. Masiku amalembedwa mobwerera: chaka, mwezi, tsiku. Wobadwa pa 14 March 1992 amalembedwa 920314. Pambuyo pa nambala ya pasipoti ndi pa tsiku lililonse pamabwera nambala imodzi yotsimikizira, ndipo mukhoza kuiwerengera nokha pa kapepala. Chulukitsani manambalawo ndi 7, 3, 1, 7, 3, 1 motsatana. Pa 920314 mupeza 63, 6, 0, 21, 3 ndi 4. Kuphatikiza zonse ndi 97, ndiye nambala yomaliza, 7, ndi imene iyenera kutsatira tsikulo. Pakakhala lemba, A amawerengedwa ngati 10, B ngati 11, mpaka Z yemwe ndi 35, pomwe < ndi 0. Makina akawerenga 8 pamene pali 3 chifukwa cha dothi kapena kukalika, samuyi siigwirizana ndipo amakana pomwepo.

Apa ndiye ndinenepo za kasungidwe. Mvula ya kuno ku Zomba mukuidziwa, chinyontho chimalowa mpaka m'sutikesi. Pasipoti yoikidwa m'thumba la kumbuyo, yopindika, yonyowa n'kuumitsidwa pa mbaula, imayamba kusupuka m'munsi momwemo muli mizere. Ena amamata selotepi kapena kupitiriza ndi bolopeni lemba lomwe lafufutika. Musayerekeze. Malembowo ndi a mtundu wapadera wotchedwa OCR-B, opangidwa kuti makina asasokoneze O ndi 0, ndipo tsamba lokhudzidwa ndi bolopeni limaoneka ngati lachinyengo kwa ofisala aliyense.

China chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chojambula tsambali n'kuliika pa Facebook kapena pa WhatsApp posangalala kuti pasipoti yatuluka. Mu pasipoti yokhala ndi chip, kachipangizo kosunga mbiri ya mwini wake, nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa ndi tsiku lothera ntchito ndizo makina amagwiritsa ntchito potsekula chip-yo. Mwazipereka zonse kwa anthu osawadziwa, pamodzi ndi nkhope yanu.

Nanga chiphaso cha unzika?

Makadi otsatira muyezo womwewu ndi a 85.6 mm m'litali ndi 54 mm m'lifupi, ofanana ndi khadi la kubanki, ndipo amakhala ndi mizere itatu ya malo 30 kuseli kwake. Dzina limakhala pa mzere wachitatu, osati woyamba, ndiye malo ndi ochepa ndipo limadulidwa msanga kuposa mu pasipoti. Vuto lenileni lili apa: pa kalembera wa NRB wa 2017 anthu ambiri anangotchula pakamwa dzina ndi chaka chobadwa, pomwe satifiketi ya MANEB ikunena zina. Chiphaso chikati Ngoma, satifiketi Ng'oma, palibe chodetsa nkhawa kwenikweni kwa makina. Koma chiphaso chikati 1992 pasipoti 1993, kapena Mary pena Maria pena, mudzavutika ku banki, pofunsira visa, ngakhale polandira ndalama zochokera kunja. Anthu amalandira zikalatazi n'kuthamangira minibasi osawerenga, n'kudzazindikira patatha zaka, ulendo uli mawa. Chikalata chiziwerengedwa munthu asanachoke pa windo, basi.

Tsono inu mayi, yalani chiphaso ndi pasipoti pa tebulo, muyerekeze lemba ndi lemba, tsiku ndi tsiku. Ngati chasowa ndi nkhodolero yokha m'mizere ya m'munsi, nyamukani ulendo wanu, ndipo pogula tikiti ya basi kapena ndege lembetsani dzina monga lilili m'mizereyo. Ngati cholakwika chili pa chiphaso, yambani ku ofesi ya NRB kwa DC kuno ku Zomba, mutatenga satifiketi kapena kalata yobadwira. Chikakhala pa pasipoti, pitani nokha ku Immigration, mukalipire pa kauntala ndi kutenga lisiti.