Kala yomira pansi ija inandichititsa manyazi pa bridal shower ya eni

Asisi nditangoona chithunzi cha makandulo anuwo, kala itaunjikana pansi pa tambula ngati matope m'malo mopanga mizere ya marble, mtima wanga unachita kuti phaa, mpaka ndateula ndiwo pamoto kuti ndikuyankheni. Kala mukuthirayo munagula kwa ndani? Ngati ndi ija ya mu icing ya keke kapena ya sopo wamadzi ilekeni lero lomwe chonde. Soya wax ndi mafuta a soya amene amawalimbitsa ku fakitale, ndiye kala yamadzi singalowerere, imangokhala timikanda mkatimo kudikira moto.

Ine zinandigwera mu Okutobala, kutentha kuja kwa ku Lilongwe koti usiku umangogubuduzika pa bedi. Mayi wina anandipeza pa WhatsApp akufuna makandulo 40 a bridal shower ya mwana wa achemwali awo, maroon ndi cream, masiku otsala 6 basi. Nthawi imeneyo ndinali nditapangako a mtundu umodzi okha, marble ndinkangoonera pa YouTube, koma ndinavomera chifukwa lendi inali pakhosi. Wax ndinali nayo, mtundu wa soya wax wotchedwa 464, koma kala ya maroon ndinalibe. Mnyamata wina amene amatibweretsera katundu pa basi kuchokera ku Joni anati ali nayo, anabwera ndi timabotolo tiwiri topanda pepala lililonse, ndinamufunsa kawiri konse kuti achimwene iyi ndi ya makandulo? Iye kulumbira mpaka kutchula mayi ake.

Usiku wopangawo magetsi kunalibe ndiye ndinakoleza mbaula pakhonde, poto wamkulu wamadzi, jagi yachitsulo mkati, foni ndaluma kukamwa kuti tochi iwunikire thermometer. Ndinathira wax m'matambula, kudikira mpaka ichite ngati chambiko, kenako kudonthezera kala ndikukoka ndi kamtengo kaja tobayira kanyenya. Ndinaona ndithu kuti sikutuluka mizere, ikungoduka timadontho timadontho, koma ndinati mwina ndi mdima, ndiye ndinayamba kutakasa mwamphamvu kuti isakanikirane, osadziwa kuti m'matambula ena ndikuzula kachitsulo kogwira wick, chingwe choyatsa chija, pansi paja. M'mawa pamwamba pankaoneka bwino zedi. Ndinamanga maliboni, kuika mu katoni, ulendo. Sindinayatseko ngakhale imodzi.

Ku holo kuja matebulo onse nsalu zoyera zobwereka, maluwa, azimayi atchena mayunifomu a chitenje, ine anandikhazika kumbuyo kuti ndalama yotsala andipatsa pomaliza. Anayatsa makandulo onse mkwatibwi akulowa, fungo la vanilla holo yonse, anthu kujambula, ndinamva kukoma moti ndinatumizira amayi anga chithunzi kumudzi. Pasanathe ola, alangizi ali pakati polankhula, ndinangomva tcha tcha tcha pa tebulo lapafupi ngati mafuta a chipisi akadontheredwa madzi. Kuyang'ana, kandulo ikulavula timadontho tofiira pansalu. Kenako ina, kenako ina uko. Ya pa tebulo lalikulu wick inali itapendekera ku galasi, mbali imodzi yada bii ndi mwaye, ndiye inangoti phwaa, tambula kugawika pawiri, wax yotentha kuyenderera pansalu mpaka kutsikira pa chitenje cha apongozi ake a mkwatibwi, gogo wamkulu, anadzambatuka akukuwa kuti mayo ndapsa. DJ kuzimitsa nyimbo. Holo yonse zii. Mayi wa oda uja anachita kuyenda kuchokera kutsogolo mpaka pomwe ndinakhala ine, chala pamphuno panga, kundinena kuti ndine wakuba ndabwera kudzawotcha anthu pa tsiku la mwana wawo, aliyense foni m'mwamba. Ndinayamba kutolera matambula otenthawo ndi manja anga chabe, tebulo ndi tebulo, ndikuti pepani pepani, galasi losweka lija linandicheka pa chala chapakati chipsera chilipo mpaka lero. Palibe ndi mmodzi yemwe anandigwirako katoni, kupatula kamtsikana kena kotsuka mbale kamene kanandipatsa kansanza koti ndimange chala. Ndinakwera minibasi katoni pamwendo, magazi akudutsa pa kansanza, vanilla akununkhirabe, ndikulira mpaka kondakitala anasiya kundifunsa ndalama.

Yotsala ija sanandipatse, ndipo nsalu zitatu ndinalipira ndine. Izo sindikana, ndinawawonongera mwambo. Chimene chimandiwawa ndi choti mayi uja anaika nkhope yanga pa status masiku awiri ngati ndapha munthu, chonsecho ndinali nditawagwadira kale pamaso pa anthu. Koma mnyamata uja ndiye Mulungu amuone, nditamuimbira anati mwina simudziwa kapangidwe kake sisi, ena onse sakudandaula, kenako mameseji anga kumangowerenga osayankha. Patapita sabata ndinamuona mu gulu lina akutsatsa timabotolo tomwe tija kwa azimayi opanga sopo wotsukira mbale. Ankadziwa! Munthu ukudziwa kuti chinthuchi chikayatsidwa moto pakati pa anthu, pali ana, pali nsalu, iwe nkumugulitsa mnzako dala chifukwa cha ndalama yosakwana ndi thumba la makala lomwe.

Ndiye asisi yesani kaye kala yanuyo musanataye wax ina. Dontho limodzi mu kapu ya madzi, lina mu supuni ya mafuta ophikira. Ikasungunuka m'madzi nkukana mafuta, si ya makandulo imeneyo. Yeniyeni imabwera yamadzimadzi koma ya mafuta, kapena tizidutswa tolimba timene mumasungunula ndi wax pang'ono pambali. Makrayoni a ana ayi, amatseka wick moto nkumazima wokha, mica, ufa wa kala wonyezimira uja, nayo chimodzimodzi ikachuluka. Ngati kala ili yabwino koma ikumirabe ndiye kuti mukuthira wax idakali yamadzi kwambiri. Ine ndimatenthetsa mpaka madigiri 80 kapena 85, kuthira mafuta a fungo magalamu 8 pa magalamu 100 alionse a wax, osapyola 10 chifukwa imayamba kutuluka thukuta pamwamba, kutakasa mofatsa mphindi ziwiri, nkuthira m'matambula ikatsika cha m'ma 55 mpaka 60. Apo musakhudze. Dikirani m'mbali muyambe kuyera, pakati pachite phalaphala, mukabaya kamtengo kabowo kasatsekeke msanga. Nthawi yake sindingakuuzeni kuti mphindi zakuti chifukwa ya mu Juni ndi ya mu Okutobala sizifanana, diso lanu ndilo liziona. Viikani nsonga ya kamtengo mu kala, tsitsani motsamira galasi, kokani kawiri kapena katatu basi muchotse dzanja, mukapitiriza zonse zisanduka mtundu umodzi wa phulusa. Pakati pa wick musafikepo, ndipo ipaneni ndi pegi yoyanikira zovala pamwamba pa tambula, kachitsulo kapansi mumate zolimba galasi lili louma. Pamwamba pakakhala mabowo dutsitsani pang'ono heat gun, chida chouzira mpweya wotentha chija, dryer ya tsitsi imathandizako koma imauluza wax. Zoyera zija zimatuluka ngati mwawaza ufa ndi khalidwe la soya, pa maroon ndi navy zimaoneka kwambiri, musadandaule nazo siziletsa kuyaka. Matambula opyapyala a pamsika aja asiyeni ndi a juwisi.

Ndipo oda ya masiku ochepera 14 musamalandire, soya imafuna kukhala sabata imodzi kapena ziwiri kuti ikhwime fungo ligwire, kenako muyatse imodzi maola 4 mukuyiyang'ana, wick mutayidula kutsala mamilimita 5. Komanso ndisakunamizeni, mwezi wathawu ndatenga ya masiku 5 ya chinkhoswe chifukwa fizi ya mwana inali itakwana ndipo yayenda bwinobwino, nyengo ya maukwati ukamakana maoda anzako akutengera makasitomala, ndiye ikabwera itengeni bola mupange yowonjezera imodzi muyatse usiku womwewo. Zogula kwa anyamata a pa basiwa ndinganene kuti musayerekeze, ngakhale wax ndimatengabe kwa yemwe uja poti ndi yekha amafikitsa pa nthawi yake ndipo thumba limabwera lomata, kala yokha ndiye ayi ndimadikira msuweni wanga akamabwera kuchokera ku Johannesburg. Mukamakapereka musazisiye mu galimoto padzuwa, 464 imasungunuka isanafike ndi pa madigiri 50 pomwe, mizere yanu yonse ithera mu buti.

Jambulani kabotolo ka kalako kutsogolo ndi kumbuyo muponye pompano ndione, munenenso kukula kwa kukamwa kwa tambula yanu chifukwa wick ya pachithunzipo ikundionekera yaing'ono.